M'nyumba za Eni Ake

Pamene komiti ya chikondwerero chino inatipempha kuti tilembeko mbiri ina m'buku lathuli, poyamba tinaganiza zolemba za maulendo ndi misonkhano monga timachitira nthawi zonse. Koma tsiku lina tinapita kukaona agogo ena amene akhala m'gulu lathu kuyambira pachiyambi, ndipo tinawapeza akulongedza katundu. Mdzukulu wawo amene akuwasunga anali atapeza nyumba ina ku Bangwe. Tili m'kati mowathandiza kukulunga mbale m'manyuzipepala, iwo anayamba kutiwerengera pa zala nyumba zimene akhalamo chibwerere m'tauni muno. Zala za manja onse awiri zinatha, nawonjezapo chimodzi. Nyumba 11, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe imene inali yawo.

Chimene chinatidabwitsa ndi ichi: ambiri a ife tinafikako ku nyumba zimenezo, ina ku Ndirande, ina ku Zingwangwa, ina ku Chilomoni, koma m'maganizo mwathu zonsezo ndi nyumba imodzi. Ukangolowa unkapeza nsalu yomwe ija ya maluwa obiriwira pa tebulo, mtsuko womwe uja pakona utavundikiridwa ndi mbale, ndi zitini zomwe zija za maluwa pakhonde. Tsono tinati mbiri yoyenera kulemba ndi imeneyi. Tinayenda kwa amayi achikulire a m'gulu lathu kuwafunsa, ndipo zimene zili m'munsimu ndi zawo pamodzi ndi zathu.

Tiyambe ndi kumudzi, pakuti ndiko tonse tinachokera. Kwa ife a chikamwini, nyumba inkamangidwa pa malo a mkazi. Mwamuna ankadula mitengo, kuimika nsichi, kumanga phaso ndi kufolera udzu; zotsalazo zinali za mkazi. Iye ndiye ankapita kudambo kukakumba mtsiro wakuda, kuzira pansi ndi pakhonde, ndi kukulungiza ndi mwala mpaka pachite kung'anima. M'munsi mwa khoma ankazunguliza mzere wakuda, pamwamba pake dothi lofiira kapena loyera, ndipo amayi ena aluso ankajambulapo timaluwa ndi zala zawo. Ukafuna popachika lichero unkangosomeka kamtengo pakhoma. Ukafuna poika koloboyi unkangogoba khoma pang'ono. Panalibe wopempha chilolezo kwa munthu. Ndipo banja likatha, amene ankanyamula bulangete lake n'kuuyamba ulendo anali mwamuna. Mkazi ankatsala m'nyumba mwake ndi ana ake.

M'tauni zinthu zinatembenuka. Nyumba inkabwera ndi ntchito ya bambo, ndipo inkapitanso ndi ntchito ya bambo. Oyamba kulawa zimenezi anali amayi amene anatsatira amuna awo ku Salisbury ndi ku Bulawayo m'nthawi ya atsamunda, nakakhala m'malokeshoni monga Highfield ndi Harari, kumene lero amati ku Mbare, kapena m'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi. Kuno kwathu zinali chimodzimodzi m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, m'nyumba za a njanji ku Limbe, m'malaini a polisi, m'nyumba za aphunzitsi, ndi m'tinyumba ta antchito kuseri kwa nyumba za Azungu. Bambo akachotsedwa ntchito Lachisanu, mayi ankayamba kumanga mitolo Loweruka.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, anthu anakhamukira m'tauni. Kalembera wa 1966 anapeza anthu oposa 109,000 mu Blantyre, koma pofika 1977 anali atapitirira 219,000. Bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1964, linali ndi nyumba zochititsa lendi ku Soche, Kanjedza, Nkolokosa, Chitawira ndi Ndirande, ndipo wopeza imodzi ankayesedwa wamwayi. Koma ofuna nyumba anali ambiri kuposa nyumbazo, motero ambirife tinkachita lendi kwa anthu wamba, m'nyumba za mdadada, chipinda chimodzi kapena ziwiri, bafa limodzi mabanja asanu. Kenaka likulu la dziko linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndipo anzathu ambiri okwatiwa ndi ogwira ntchito m'boma anakwera malole kupita ku Area 18 ndi madera ena a manambala. M'kaundula wathu wa zaka zimenezo muli maina ambiri amene pambali pake palembedwa liwu limodzi lokha lakuti "anasamuka".

Lamulo linali limodzi kulikonse, lolembedwa kapena la pakamwa: nyumba uibweze monga unaipezera. Osakhoma misomali, osaboola khoma, osasintha penti, osagumula kanthu. Potuluka kunkabwera munthu kudzayendera, ndipo galasi losweka kapena khoma lokumbika ankadula pa malipiro a bambo. Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo ndi mtima umenewo tinkakhala m'nyumbazi, kukalipira ana akangogwira khoma ndi manja a ndiwo.

Mayi wina wa ku Ntcheu anatiuza kuti sabata yake yoyamba ku lokeshoni ankangokhala pa bokosi pakati pa nyumba, manja ali pamiyendo. Kwawo anali wodziwika pa kuzira, koma kuno pansi panali simenti, makoma a mabuloko otuwa, ndipo panalibe pamene akanaika dzanja lake. Nyumba zonse za mzere umenewo zinali zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, zosiyana nambala yokha pa chitseko, ndipo iye sankadziwa kuwerenga manambala. Tsiku lina pochokera kumpopi analowa m'nyumba ya eni ake ndowa ili kumutu. M'mawa mwake anang'amba chitenje chake chofiira nachikoleka pa zenera kuti azichiona ali patali. Anatiuza akuseka kuti katani yake yoyamba sinali yokongoletsera ayi, inali yoti asasochere.

Malo amodzi amene eni nyumba sankaletsa ndi pansi. Choncho manja aja ozolowera mtsiro anatembenukira ku polishi. Amene munakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 simungaiwale fungo la Cobra wofiira m'mamawa wa Loweruka. Tinkakolopa, kudikira paume, kupaka polishi ndi kansanza titagwada, kukwecha ndi bulashi, kenaka kuponda pa chidutswa cha bulangete lakale ndi kumatsetsereka nacho uku ndi uku ngati tikuvina chimtali. Ana ndiwo ankaikonda ntchito yomalizayi. Mwezi ukafika pakati, ndalama zitatha, ena tinkasungunula makandulo m'chitini n'kusakaniza ndi parafini ndi ufa wofiira uja amathira m'simenti. Pankawala ndithu, koma sitikulangiza mwana aliyense kuti ayesere, pakuti alipo anzathu amene ali ndi zipsera m'manja mpaka lero chifukwa parafini anagwira moto. Kunena zoona, pa nkhani ya khonde tinapyola muyeso. Mayi ankaweruzidwa ndi khonde lake asanatsegule pakamwa, ndipo alendo angapo ovala nsapato zatsopano, akulu a mpingo omwe, anagwa chagada pakhomo pathu. Koma tikaganiza bwino, kugwada kwake kunali komwe kuja kwa kuzira, ndipo kapena n'chifukwa chake tinamukonda polishi chotere.

Pambuyo pa polishi panabwera chingwe. M'nyumba ya chipinda chimodzi, mayi wanzeru ankamanga chingwe kapena waya kuchokera pa mtanda wa denga kukafika pa felemu la zenera, n'kukolekapo zitenje ziwiri zosokedwa pamodzi. Kuseri kunali kuchipinda, kuno kunali pabalaza. Apongozi akabwera kuchokera kumudzi, nsalu imeneyo ndiyo inkasunga ulemu wa banja lonse, ndipo panalibe mwana amene ankayerekeza kusuzumira kuseri kwake. Inkalemekezedwa koposa khoma la njerwa. Fakitale ya David Whitehead itatsegulidwa mu Blantyre mu 1967, nsalu zopangidwa konkuno zinachuluka m'masitolo a Amwenye ku Limbe ndi m'misika, ndipo makatani a chitenje anafika m'nyumba zambiri.

Komabe nsalu yogula inkayamba yafika pathupi isanafike pa zenera. Za pa tebulo ndi pa mipando zambiri zinkachokera ku matumba a fulawa, amene masiku amenewo anali a nsalu yoyera ya thonje. Tinkawapempha kapena kuwagula kwa ophika buledi ndi masikono. Thumba unkalimasula msoko, kulinyika m'madzi a sopo usiku wonse, kuliwiritsa mumphika waukulu, ndi kuliyanika pa kapinga padzuwa masiku angapo kufikira zilembo za kampani zitafufutika. Ukalitsukuluza ndi buluu, n'kuliviika m'madzi a ufa wa chinangwa kuti liume gwa, n'kulisita ndi simbi ya makala, panalibe wodziwa kuti linali thumba. Pamenepo ndiye pankayamba kupeta. Mwana wina wa masiku ano atamva agogo ake akunena kuti anapeta nsalu ya pa tebulo anafunsa ngati inakwana m'lichero. Iyayi mwanawe, kupeta kulipo kuwiri: kwa lichero ndi kwa singano.

Luso limeneli silinagwe kumwamba. Akazi a amishoni ankaphunzitsa atsikana kusoka kuyambira kale pa mishoni za Blantyre, Domasi, Nkhoma ndi zina. Pambuyo pake boma linatumiza alangizi a zapakhomo, ena a iwo ophunzitsidwa ku Magomero, amene ankasonkhanitsa amayi m'maholo ndi pansi pa mitengo kuwaphunzitsa kusoka, kuluka ndi kuphika. Koma ambirife tinaphunzitsana tokha, tikatha msonkhano wathu wa pakati pa sabata, titakhala pa kapinga kunja kwa tchalitchi. Mabuku a mapatani tinalibe. Ukaona kansalu koluka kokongola kwa mnzako unkakabwereka usiku umodzi, n'kukhala pa nyali kuwerenga mfundo imodziimodzi mpaka utaloweza. Amayi obwera ku Harare ndiwo anali aphunzitsi athu pa tinsalu toluka ta pa mipando, timene iwo ankatitcha madhoiri monga amanenera Ashona. Mapatani a chinanazi, a nyenyezi ndi a kangaude anali nawo m'mutu. Tinsalu timeneti tinkabisa zambiri: mpando wong'ambika, tebulo la mabala, zenera losweka. Ngakhale wailesi ya Nzeru inali ndi kake kofunda, ngati ingamve mphepo. Abambo ambiri ankati zimenezi n'kutaya ulusi chabe, koma anzawo a kuntchito akabwera kudzacheza, iwo omwe ndiwo ankayamba kufunsa ngati tayala.

Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974 ndi kupha anthu athu oposa 70, boma linaimitsa ulendo wa ku migodi ya ku Joni, ndipo abambo ambirimbiri anabwerera kuno ndi mabokosi achitsulo, mabulangete, mawotchi a pakhoma ndi makina osokera a Singer opukusa ndi dzanja. Mabokosi amenewo ambiri anathera m'nyumba zathu za lendi. Bokosi lachitsulo ndilo linali mfumu ya katundu yense. Ukalifunditsa nsalu yopeta linali tebulo; alendo akachuluka linali mpando; tsiku losamuka linkameza zonse zimene zinali pamwamba pake. Amene analibe kabati ankasanja mabokosi a matabwa a sopo kapena a tiyi, awiri kapena atatu, n'kutchinga kutsogolo ndi kakatani, basi kabati yapezeka. Pa mashelefu tinkayala nyuzipepala, Malawi News kapena Boma Lathu, titaipinda kangapo ndi kuidula ndi sizasi kuti m'mphepete mulendewere timano ndi timaluwa. Khirisimasi ikayandikira tinkachotsa zakale zofiira ndi utsi n'kudula zatsopano. Mbale zachitsulo za maluwa tinkaziimika chotsamira kuti maluwa akewo aonekere.

Za kumudzi nazo sitinazisiye. Mtsuko unkaziziritsa madzi kalekale mafiriji asanafike m'malokeshoni, ngakhale panali amayi ena ophunzira amene ankaubisa kuseri kwa chitseko poopa kuti anzawo awayesa achimidzi. Mkeka wa mlaza wa kunyanja unkabisa simenti yokumbika, ndipo mipando yoluka inkakondedwa chifukwa mwana yemwe akhoza kuinyamula. Mtondo wokha ndiwo unkatiyambanitsa ndi eni nyumba, pakuti kusinjira pakhonde kunkang'amba simenti, choncho unkakhala kuseri pa dothi.

Kabati ya magalasi inabwera pambuyo, kwa amene zinthu zinayamba kuwayendera. Pano tinenepo maganizo athu. Makapu aja tinkaikamo, a mizere yagolide, ambirife sitinamwerepo tiyi. Tinkasungira mlendo wolemekezeka amene sanabwere, ndipo ambiri anasweka pa lole posamuka. Tikanadziwa, bwenzi titamwera ndi ana athu.

Khoma ndilo linali lovuta. Mabuloko a simenti ankapinda msomali, ndipo ukaumiriza pankagumuka chibenthu choti sungachibise. Mwayi wake nyumba zambiri zinalibe siling'i, choncho tinkamanga ulusi wolimba pa thabwa la pamwamba pa khoma, chithunzi n'kumalendewera chowerama pang'ono, ngati chikupereka moni kwa wolowa. Pamenepo pankakhala chithunzi cha ukwati chojambulidwa ku situdiyo, mawu a m'Baibulo opetedwa pa nsalu, ndi makalendala. Kalendala sinkatayidwa chaka chikatha. Tinkang'amba masiku n'kusiya chithunzi. M'nyumba zambiri munalinso chithunzi cha Dr. H. Kamuzu Banda, ena chifukwa chowakonda, ena chifukwa chochenjera, ndipo chitachitika chisankho cha 1994 m'nyumba zina chinatsika mwakachetechete, m'nyumba zina chinakhalabe. Amene anayesa kumata zithunzi za m'magazini ya Moni ndi phala la fulawa anazionera okha: phala linkaitana mphemvu, ndipo pomatula, pepala linkachoka ndi penti yemwe.

Panja napo panali nzeru yake. Maluwa tinkabzala m'zitini za mafuta ophikira ndi za mkaka, m'ndowa zobooka ndi m'mabeseni otha, kuti tsiku losamuka akwere nawo lole. Mbewu yake sitinkagula. Unkathyola kanthambi kwa mnzako, ndipo maluwa ena amene ali pa makonde athu lero anachokera pa chitini chimodzi cha mayi wina amene anatisiya kalekale. M'mphepete mwa kanjira tinkaimika njerwa chopendekeka kapena mabotolo chozondotsa, zinthu zoti ukhoza kuzizula m'mawa umodzi. Ndipo amayi akale ankati pa nyumba ya lendi ubzale papaya, usabzale mango, pakuti papaya sachedwa kubereka, koma mango udzadyetsa ena.

Ife amene tikulemba sitinamvere. Mu 1979 tinapeza nyumba ya zipinda zitatu kwa bambo ena amene sitiwatchula dzina, pakuti anatsogola kale. Inali nyumba yotha: khonde ladothi, mazenera otseka ndi makatoni, makoma akuda ndi utsi. Eni ake anatiuza kuti, "Khalani momasuka mayi, ngati kwanu. Ine nyumbayi ndilibe nayo ntchito." Tinawakhulupirira. Tinakhala pansi ndi bambo a kunyumba, n'kugwirizana kuti ndalama zimene tinkasungira poloti tiyambe takonzera pokhala. Tinaika simenti pakhonde, magalasi m'mazenera anayi, tinapaka laimu mkati ndi kunja, ndipo tinabzala mitengo iwiri ya mango. Ndalama zina zinali za zitumbuwa ndi mandasi zimene tinagulitsa chaka chathunthu. Ntchito itatha bambo aja anabwera, nazungulira nyumba yonse manja ali kumbuyo, nati, "Koma mayi, manja muli nawo. Nyumbayi mpaka ndaiiwala." Tinawaphikira tiyi tikusangalala. Mwezi wotsatira anatumiza mwana ndi kakalata konena kuti mphwawo akukwatira ndipo akufuna pokhala. Tipeze kwina pakutha pa mwezi.

Tinapita kukadandaula, koma anatifunsa funso limodzi lokha: "Kodi ndinakutumani?" Pepala losainirana panalibe, mboni panalibe. Bambo a kunyumba anafuna kuchotsa magalasi aja usiku, koma tinawaletsa poopa milandu. Tinasamuka m'bandakucha, monga ambiri ankachitira, kuti anansi asawerenge katundu wathu pa lole ndi kuona matiresi a ana. Chimene chinakwera ndi chomwe chija tinabwera nacho: bokosi, makatani, nsalu zopeta ndi zitini za maluwa. Poloti ija tinadzagula patapita zaka 9. Mitengo ya mango ija ilipo mpaka lero, ndi yaikulu zedi. Timaiona tikamadutsa pa minibasi, ndipo mwezi wa Disembala timayang'ana kumbali.

Nkhani ngati imeneyi, pakuti sitinali tokha, inagawa amayi pawiri, ndipo mkangano wake unkabuka kawirikawiri pa kapinga paja. Ena ankati nyumba ya mwini usaikepo ndi tambala yomwe. Ugone, udzuke, usunge ndalama, umange yako. Ena ankati ana sadikira poloti kuti akule. Tinali naye mnzathu wina wa mbali yoyambayo, mayi wosamala ndalama kwambiri, amene anakhala zaka zoposa 20 katundu wake wabwino ali m'makatoni pansi pa bedi, makatani atsopano osatsegula, kudikira nyumba yake. Nyumbayo anamangadi ku Machinjiri, koma polowamo ana onse anali atakula n'kuchoka, ndipo makatani aja njenjete zinali zitawadya mopinda monse. Mwana wake wamkazi anatiuza pa maliro ake kuti sakumbuka nyumba ina iliyonse ya ubwana wake, akumbuka makatoni okha. Ife tinalakwa mbali ina, iye analakwa mbali inzake. Pambuyo pake ambiri tinagwirizana pa muyeso umodzi wosavuta, umene tinkauza akwati atsopano pa chilangizo: usanagule kapena kukonza kanthu, udzifunse ngati kangakwere lole. Ngati sikangakwere, eni nyumba alembe pa pepala kuti adzadula pa lendi, pakhalenso mboni.

Amayi anzathu, pali mbali ina ya mbiriyi imene sitingailumphe ngakhale ili yowawa. Bambo akamwalira, nyumba ya kuntchito inkafunidwa patangopita nthawi yochepa. M'zaka za m'ma 1990, pamene maliro anachuluka chifukwa cha Edzi, tinaziona zimenezi kawirikawiri. Ndipo nthawi zambiri lole yoyamba kufika sinali ya mayi wamasiye, inali ya achibale a mwamuna. Ankanyamula sofa, bedi, wailesi, kabati ya magalasi ndi makina osokera omwe. Tinsalu toluka ankangotikutumulira pansi ponyamula mipando, pakuti kwa iwo tinali nsanza. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linanena poyera kuti kulanda katundu kotere ndi mlandu, koma kwa anzathu ambiri linabwera mochedwa.

Ife tinkapita kukatola zotsalazo. Tikampezera mnzathu kachipinda kena, ntchito tinkaidziwa popanda wouza mnzake. Wina ankakolopa ndi kupaka polishi, wina ankakwera pa ndowa kumanga chingwe, wina kuyala nsalu pa bokosi, wina kundandalika zitini pakhomo. Ana akamabwera kusukulu ankapeza katani yomwe ija ndi nsalu yomwe ija. Mayi wina anatiuza kuti mwana wake wamng'ono, amene sanadye bwino chiikireni bambo ake, analowa, nayang'ana uku ndi uku, nakhala pansi pafupi ndi bokosi, napempha nsima.

Lero ana athu ndi adzukulu ambiri akadali m'nyumba za eni ake. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mu Blantyre, ndipo malo akwera mtengo koopsa. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu usanalowe. Makatani ndi a pa kaunjika, maluwa ndi a pulasitiki, pansi pali matailosi kapena kapeti yoyala ndi kupinda, ndipo mkangano wa msomali wasanduka wa kuboola khoma popachika TV. Pali tizokowera tomata pakhoma timene timachoka osasiya bala, ndipo atsikana ochenjera amajambula ming'alu yonse pa foni tsiku lolowa kuti asadzawanamizire potuluka. Zimenezo n'zabwino, tikanakhala nazo ife. Chimene chikutidetsa nkhawa n'chakuti oluka ndi opeta atsala owerengeka, ndipo ambiri a iwo sakuonanso bowo la singano.

N'chifukwa chake komiti yavomera kuti pa tsiku la chikondwerero pakhale chionetsero m'holo. Agogo aja a ku Bangwe alonjeza kubwereketsa nsalu yawo ya maluwa obiriwira. Mukaiyang'ana padzuwa, zilembo za thumba la fulawa zikuonekabe pang'ono pakona imodzi. Amene muli ndi nsalu zopeta, tinsalu toluka, makatani akale kapena bokosi lachitsulo, mubwere nazo kwa ife alembi sabata imodzi tsikulo lisanafike, mutasokerera kapepala ka dzina lanu ndi malo amene munazipangira. Mapatani a chinanazi tikuwafuna kwambiri, pakuti pali atsikana anayi amene apempha kuphunzira. Akulu a mpingo atichenjeza kale kuti holo angoipaka penti kumene, pakhoma pasakhomedwe msomali. Chingwe tili nacho chokwanira, koma zopanira zovala n'zochepa. Aliyense abwere ndi zake.